Nkhunda yaimuna ikamazunza yaikazi: zochita kuyambira tsiku loyamba

Anthu amene sadawetepo nkhunda amaziona ngati mbalame zosadziwa ndewu. Amaziona pa makadi a ukwati, amamva za izo kutchalitchi, basi n'kumati nkhunda ndi mtendere wokhawokha. Ife amene timatsegula khola m'mawa uliwonse timadziwa kuti nkhani yake siili choncho.

Ine ndinaphunzira m'chaka changa chachiwiri cha kuweta. Ndinali ndi yaimuna yaikulu, yotuwa, imene mkazi wake anagwidwa ndi mphaka. Inkangokhala ndwii pakhomo pa chipinda chake, ndipo inkandimvetsa chisoni. Ndinapita kumsika, ndinagula yaikazi yoyera, n'kuilowetsa m'chipinda chomwecho madzulo, n'kutseka ndi kathabwa kuti zizolowerane. Kutacha ndinapeza yoyerayo itadzipanikiza pakona, mlomo uli pansi, nkhongo yonse ili psuu, khungu litasendeka mpaka fupa kuonekera. Yaimunayo inali ikuzungulirabe pomwepo, khosi litafufuma, ikulira.

Chimene ndinadzamvetsa pambuyo pake ndi ichi. Nkhunda ilibe mlomo wong'amba nyama ngati wa kabawi, ndipo kujompha kwake kumodzi sikupweteka kwenikweni. Njiwa za kutchire nazo zimamenyana, koma yogonja imangoti phururu, yapita, ndewu yathera pomwepo. Chimene chimavulaza ndi kupha m'khola ndi kujomphedwa pamalo amodzimodzi kwa maola ambiri, chifukwa yogonjayo ilibe kothawira. Tsono zonse zimene ndalemba m'munsimu zikuzungulira pa funso limodzi: kodi yaikazi yanu ikafuna kuchoka pamaso pa yaimuna, ingathe?

Choyamba, khalani pansi muonerere

Musathamangire kulekanitsa nkhunda chifukwa mwaona ina ikuthamangitsa inzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani kampando, khalani patali pang'ono ndi khola, m'mawa pozipatsa chakudya ndiponso chakumadzulo, theka la ola nthawi iliyonse. Mudzaona zinthu zitatu zosiyana, zimene munthu wongodutsa amazisokoneza.

Pali kufunsira. Yaimuna imafufumitsa khosi, imaweramitsa mutu n'kuudzutsa, imazungulira pamalo amodzi, imatambasula mchira n'kumaukweza pansi ngati ikusesa, kwinaku ikulira. Yaikazi ikakondwera imagwedeza mutu, imayandikira, kenako imalowetsa mlomo wake m'kamwa mwa yaimuna ngati chiunda chikupempha chakudya. Ana amati nkhunda zikupsompsonana. Zikatero yaikazi imanyonyomala, yaimuna n'kukwera. Apa palibe choti muchite.

Pali kupirikitsira kuchisa. Uku ndiye kumaopsa oweta atsopano. Peyala ikakwerana, dzira loyamba limabwera pakatha masiku 8 mpaka 10, ndipo masiku omalizirawo yaimuna siipatsa mkazi wake mpata. Kulikonse wapita ili pambuyo, kumujompha pamsana ndi pakhosi, kumuchotsa pa chakudya, kumuchotsa pafupi ndi zazimuna zina, mpaka atalowa m'chisa. Akalowa, yaimunayo imaziziratu, mwina n'kuyamba kumututira timitengo ndi udzu. Zimenezi n'zachibadwa, ndipo zimatha zokha dzira loyamba likangogwa. Inu chongoyang'anira ndi chakuti yaikaziyo ikudya ndi kumwa. Ngati mwamuna wake sakuilola n'komwe kutola, ikani kambale ka chakudya ndi kachitini ka madzi pafupi ndi chisa chawocho, pamene yaimuna siiona chifukwa choithamangitsira.

Chachitatu ndiye nkhanza zenizeni, ndipo zizindikiro zake sizibisika. Yaimuna imagwira khungu la pankhongo kapena pafupi ndi diso n'kumaligwedeza osalitaya. Imamenya ndi phiko, mumachita kumva kuti phaa muli pakhonde. Yaikazi ikalowa m'chisa imaitsatira n'kupitiriza momwemo. Nthenga za pamutu zimayamba kuthothoka. Yaikaziyo imabisa mutu pakona, imanjenjemera, ndipo mukaigwira pachithokomiro madzulo mumapeza muli pululu, mulibe kanthu. Mukaona chimodzi mwa izi, nthawi yoonerera yatha.

Chachiwiri, mukaona magazi lekanitsani nthawi yomweyo

Osati mawa, osati mukabwera kumunda. Nkhunda zikaona bala zimalimbikira pomwepo, ndipo zina zimene sizinali m'ndewumo nazo zimayamba kujomphako.

Gwirani yovulalayo bwino: mapiko otseka, miyendo pakati pa zala ziwiri, chifuwa chake chitatsamira pa dzanja lanu linalo. Musaifinye pachifuwa, chifukwa mbalame imapuma poyendetsa chifuwacho. Wiritsani madzi, muwaziziritse, musungunulemo mchere supuni ya tiyi imodzi mu theka la lita. Ndi kansalu koyera kapena thonje, nyowetsani balalo pang'onopang'ono mpaka magazi ouma ndi tinthenga tomatirira titachoka. Osapukuta mwamphamvu. Kenako pakani GV, mankhwala a pepo aja amene timapaka pa zilonda, kapena ayodini wosungunula ndi madzi. GV ndimamukonda chifukwa amaumitsa bala komanso amabisa kufiira kumene kumakopa zinzake. Samalani asalowe m'maso. Mafuta a galimoto, girizi, phulusa ndi zina zimene anthu amalangizana pamsewu, zisiyeni. Zimamata nthenga ndi kutsekera litsiro mkati.

Ikani yovulalayo m'katoni yoboola mabowo kapena m'dengu lovindikira, m'nyumba, pamalo ofunda ndi amdima pang'ono, pamene mphaka ndi makoswe sangafike. Phimbani ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu yakale, chifukwa ntchentche zikaikira pabalapo, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, mphutsi zimayamba msanga kwambiri. Madzi akhale m'chotengera chakuya masentimita atatu kapena anayi. Nkhunda simwa ngati nkhuku imene imatunga n'kuyang'ana kumwamba. Iyo imamiza mlomo n'kumayamwa. Ngati siikumwa yokha, vivikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo, osafika pamphuno, imwa. Osaithira madzi kukhosi, ingatsamwe.

Nkhunda zimapola modabwitsa. Bala la pamutu looneka loopsa limatha kuuma m'masabata awiri kapena atatu, ngakhale kuti nthawi zina nthenga sizimeranso pachipserapo. Koma ngati diso latupa n'kutsekeka, ngati bala likununkha kapena likutuluka mafinya, kapena mbalame yatha masiku awiri osadya, pitani nayo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu.

Chachitatu, tsimikizani kuti ndi yaimuna ndi yaikazi zoona

Zikumveka ngati nkhani yachibwana, koma ndaona makola ambiri pamene "mwamuna womenya mkazi" anali akumenya mwamuna mnzake. Wogulitsa pamsika amakugwirirani ziwiri, ina yaikulu ina yaing'ono, n'kunena kuti nayi peyala. Mwina sakunama dala, chifukwa nkhunda zazing'ono n'zovuta kuzisiyanitsa ngakhale kwa munthu amene wakalamba nazo. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo zazimuna ziwiri m'chipinda chimodzi zimamenyana mpaka ina itagonjeratu.

Mutu waukulu ndi khosi lonenepa zimasonyeza yaimuna, koma zimanamiza. Ena amapapasa timafupa tiwiri ta kumunsi pafupi ndi mchira: kwa yaikazi imene inaikirapo timakhala totalikirana, kwa yaimuna togundana. Izi zimathandiza pa zikuluzikulu zokha. Umboni wosakanika ndi mazira. Nkhunda imaikira mazira awiri, lachiwiri patatha pafupifupi masiku awiri chiikirire loyamba. Mukapeza anayi m'chisa chimodzi, ndipo osaswa, muli ndi zazikazi ziwiri. Ikatha miyezi zikumanga chisa koma dzira osaoneka, kawirikawiri ndi zazimuna zokhazokha. Ndipo ngati mazira alipo, yang'anani imene ikufungatira masana: yaimuna imalowa chakumma 10 koloko m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, yaikazi n'kutenga usiku wonse mpaka m'mawa.

Chachinayi, funsani chifukwa chimene yaikazi ikukanira

Yaimuna yathanzi nthawi zonse imakhala yokonzeka. Ndewu zambiri zimayamba pamene yaikazi sinakonzeke, yaimuna n'kumaikakamiza. Zifukwa zake ndimazipeza zinayi.

Mwina ndi yaing'ono. Nkhunda imakhwima ikafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, zina mochedwerapo. Ngati ikadalira mwa tswii-tswii ngati chiunda, kapena kanyama ka pamwamba pa mlomo sikanayere, musaipereke kwa yaimuna yaikulu. Idikireni.

Mwina ikudwala. Itengeni m'manja mupapase fupa la pachifuwa: likakhala lakuthwa ngati mpeni, mbalameyo yaonda. Tsegulani mlomo muone kukhosi ngati kuli zinthu zachikasu zomatirira. Onani ndowe zake, onani pansi pa mapiko ngati pali nsabwe kapena utitiri. Yaikazi imene yaima ndi nthenga zonyankhalala, mchira uli pansi, ikuchita ngati ikukankha, ikhoza kukhala kuti dzira lakanirira. Imeneyo ifunika kutentha, bata ndi thandizo la alangizi, osati mwamuna pambuyo pake. Ndipo ngati mbalame zingapo zayamba kupotoka makosi ndi kutsekula m'mimba zamadzimadzi, nkhani yasintha, amenewo akhoza kukhala matenda a mtundu wa chitopa, patulani zodwalazo msanga.

Mwina yatopa. Apa ambiri timalakwa chifukwa chokonda ndiwo. Mukachotsa mazira kapena akasweka, yaikazi imaikiranso pakangotha masiku khumi kapena kupitirira pang'ono, ndipo dzira lililonse limaichotsera laimu wa m'thupi. Ikaikira motsatizana choncho imafooka, miyendo imagwa ulesi, yaimuna n'kumaipirikitsabe. Mukafuna kuti ipume, musataye mazira. Aphikeni, muwaziziritse, muwabwezere m'chisa. Zidzafungatira masiku 18 kapena kupitirirako pang'ono zisanawasiye, ndipo nthawi yonseyo yaimuna imakhala yofatsa, yaikazi n'kubwezeretsa thupi.

Kapena ili ndi mwamuna wake kale. Nkhunda zimakhala mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi, nthawi zambiri moyo wonse. Ngati mwailekanitsa ndi mnzake koma ikumuonabe kapena kumumva akulira m'khola lomwelo, siidzavomera wina. Yoyera yanga ija ndikukhulupirira inachotsedwa pa mwamuna wake m'mawa wa tsiku lomwe ndinaigulalo. Yoteroyo ipatseni sabata imodzi kapena awiri ili yokha, kutali ndi maso a mwamuna wakaleyo.

Chachisanu, zidziwitseni kudzera pa waya

Gawo ili ndi limene likanapulumutsa mutu wa yoyera ija, ndiye ndichedwapo.

Kwa yaimuna, chipinda chake ndi munda wake. Chilichonse cholowamo mwadzidzidzi ndi mdani, kaya ndi chachikazi kaya chachimuna. Choncho lamulo ndi lakuti musaponye mlendo m'chipinda cha mwini. Pezani bokosi kapena khomani kakhola kena kamene onse awiri sadakhalemo, kotalika pafupifupi mita imodzi, theka la mita m'lifupi ndi theka la mita msinkhu. Pakati pake ikani chotchinga cha waya wa mabowo ang'onoang'ono, chotheka kuchisolola. Mabowo akhale oti mutu sungadutse, chifukwa yaimuna imatha kukoka inzake kudzera pa waya wa mabowo aakulu. Kopanda waya, bango kapena nsungwi zong'amba zolumikiza pafupipafupi zimagwira ntchito yomweyo. Mbali iliyonse ikhale ndi chakudya ndi madzi akeake. Kakholako kaikeni pomwe nkhunda zina sizikuoneka.

Lowetsani yaikazi poyamba, ikhalemo tsiku limodzi yokha, izolowere. Mawa lake lowetsani yaimuna mbali inayo. Tsiku loyamba idzachita ukali, kumenya waya ndi mapiko, kuzungulira, kulira. Isiyeni. Chimene inu mukudikira chili kwa yaikazi. Masiku oyamba idzakhala kukona yakutali. Pakapita masiku atatu, asanu, nthawi zina sabata yathunthu, mudzaona yayamba kuyandikira waya, kugwedeza mutu poyankha, kuyenda chodzikweza mchira utatambasuka pang'ono. Yaimuna nayo imasintha kaliridwe: imagona chafufumimba pakona, mutu pansi, n'kumalira motsitsa, mokoka, nsonga za mapiko zikunjenjemera. Kumeneko ndi kuitanira mkazi kuchisa. Mukadzazipeza m'mawa zitagona moyandikana, waya yekha ali pakati, nthawi yakwana.

Sololani chotchingacho m'mawa, tsiku limene muli pakhomo, zitadya kale. Osachita madzulo, chifukwa zoipa zambiri zimachitika mbandakucha inu mukadali m'tulo. Khalani pomwepo. Kujomphana pang'ono ndi kuthamangitsana kwa mphindi zochepa kulibe kanthu. Koma yaimuna ikagwira pankhongo osataya, kapena yaikazi ikathawira pakona n'kubisa mutu, bwezerani chotchinga, mudikirenso masiku awiri kapena atatu. Ngakhale tsiku loyamba litayenda bwino, usiku woyamba ndi wachiwiri bwezeranibe chotchingacho. Mukaona zikupsompsonana, yaikazi ikukanda yaimuna pamutu ndi mlomo, peyala yagwirana. Zipatseni udzu wouma ndi timitengo, ndipo pakatha masiku angapo zisamutsireni limodzi kuchipinda chawo m'khola lalikulu.

Mukayesa katatu zosatheka, musaumirire. Nkhunda nazo zimasankha. Yaikazi yomweyo mukaipatsa yaimuna ina mwina zigwirizana m'masiku awiri okha.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani khola

Makola athu a kumudzi, okwezeka pa mitengo, a timazenera tambirimbiri, ali ndi ubwino umodzi waukulu: mbalame zimatuluka m'mawa n'kumauluka tsiku lonse. Yaikazi yopanikizidwa imakatera padenga la nyumba kapena mu mtengo wa mango. N'chifukwa chake nkhanza zoopsa zimaoneka kwambiri m'makola otsekera a m'tauni, kumene timaopa akuba ndi ana a malegeni, komanso masabata oyamba pamene tatsekera nkhunda zatsopano kuti zizolowere pakhomo. Ngati zanu n'zotsekera, ntchito imene thambo likanagwira muyenera kuigwira ndinu.

Yambani ndi kuwerenga. Zazimuna zikachuluka kuposa zazikazi, mtendere kulibe. Yaimuna yopanda mkazi imalowerera zinzake pokwerana, imalowa m'zisa za eni, imaswa mazira, ndipo mwamuna wa mwini akapsa mtima ndi mbetayo ukali wake umathera pa mkazi wake. Mbeta zachimuna zichotseni, muzisunge padera, muzisinthanitse ndi anzanu, kapena zilowe mumphika.

Peyala iliyonse ikhale ndi zisa ziwiri zoyandikana, kapena chipinda chimodzi chachikulu, masentimita 60 m'litali, 40 kulowa mkati ndi 35 msinkhu, chogawa pakati ndi kathabwa kakafupi. Chifukwa chake ndichifotokoza pa nkhani ya maunda. Zipinda zonse pamodzi zichuluke kuposa mapeyala, ndipo muzindikire kuti zazimuna zimalimbirana za pamwamba. Ngati yaimuna imodzi yalanda zipinda zitatu kapena zinayi, tsekani zopanda ntchitozo mpaka zitafunika.

Mitengo yoterapo ichuluke kuposa mbalame. Thabwa limodzi lalitali si labwino, chifukwa yaimuna yolusa imayenda kuchokera uku mpaka uko ikugwetsa zonse. Khomani timatabwa tating'ono totera mbalame imodzi imodzi, totalikirana moti ziwiri sizingafikirane ndi milomo. Imikani thabwa kapena pachikani chiguduli penapake pakati pa khola kuti yothamangitsidwa izitha kuzimirira kuseri. Yaimuna ikasiya kuiona, kawirikawiri imaiwalako. Ndipo yang'anani makona onse ndi mipata yopanikiza, kuseri kwa chitini, pansi pa shelefu, kumene mbalame ingalowe koma osatha kutulukira mbali ina. Malo oterowo ndiwo amapha. Atsekeni, kapena muwatsegule mbali zonse ziwiri.

Agogo anga ankanena kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa anthu okangana, zimasamuka. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi njira yongotiletsera phokoso. Lero ndimawamvetsa mwanjira yanga: khola limene limagwedezedwa ndi ana, agalu akuuwa pansi pake, makoswe akuyendamo usiku, mbalame zake zimakhala zodzidzimuka, zimasiya mazira, zimamenyana. Khomani malata osalala kuzungulira mizati kuti makoswe ndi likongwe asakwere, ndipo sesani m'zisa pafupipafupi. Mbalame imene yachezera kulumidwa ndi utitiri imadzuka ndi ukali.

Chachisanu ndi chiwiri, chakudya

Apa sipofuna mawu ambiri. Nkhunda yaikulu imadya magalamu 30 mpaka 40 patsiku, ndiye kuti kadzanja kamodzi kosadzaza, ndipo imadya kuposa apo ikamalera. Chimanga chokha sichikwanira; sakanizani ndi mapira kapena mawere, nandolo kapena khobwe, ndi mpendadzuwa pang'ono. Ikani mbale ziwiri kapena zitatu motalikirana, chifukwa yaimuna imodzi singalondere zonse. Pakhale mchenga wa miyalamiyala, ndi makoko a mazira owamba pamoto n'kusinja, osakaniza ndi kamchere pang'ono. Zimenezi ndi za yaikazi makamaka. Kawiri pa sabata ikani beseni la madzi osaya kuti zisambe. Khola limene langosamba kumene limakhala zii, iliyonse ili kalikiliki kukonza nthenga zake padzuwa.

Chachisanu ndi chitatu, chenjerani pa nthawi ya maunda

Mazira amaswa pakatha masiku 17 mpaka 19. Masiku oyambirira makolo onse awiri amadyetsa ana mkaka wochokera m'chithokomiro, ndipo nthawi imeneyi m'banjamo mumakhala bata. Vuto limabwera maunda akafika masabata awiri kapena kupitirira pang'ono. Yaimuna imayambanso kufunsira ndi kupirikitsa mkazi wake kuti akaikire ena, anawo akadali m'chisa. Ngati palibe chisa chachiwiri, yaikazi imasowa kolowera: mwamuna akuithamangitsira kuchisa, m'chisamo muli ana odzaza. Imaikira pambali pa anawo, mazira amadetsedwa kapena kusweka, ndipo yaimuna ina imayamba kujompha ana ake omwe kuti atuluke. Chisa chachiwiri chija chimathetsa zonsezi. Mayi amakafungatira uko, bambo n'kumapitiriza kudyetsa akuluwo.

Maunda amatuluka m'chisa ali ndi masabata anayi kapena asanu, ndipo sabata imeneyo ndi yoopsa kwa iwo kuposa ina iliyonse. Chiunda chikasochera n'kulowa m'chipinda cha eni, sichidziwa kuthawa. Chimangolira n'kumakupiza mapiko kupempha chakudya, mwini chipinda n'kuchisenda mutu. Pansi pa khola ikani thabwa lalikulu pa njerwa zogoneka, mpata wake masentimita 8 mpaka 10, woti chiunda chikwawiremo koma yaikulu isathe kuimiriramo n'kujompha. Zikayamba kutola zokha bwinobwino, zisamutsireni kuchipinda cha zazing'ono zokhazokha.

Kwa amene amasunga tinjiwa toweta ta mkanda wakuda pakhosi m'zikwere, zonse ndanenazi n'chimodzimodzi, kungoti mazira ake amaswa msanga, pamasiku 14, ndipo musatisakanize ndi nkhunda zikuluzikulu, phiko limodzi la nkhunda likhoza kukapweteka koopsa. Njiwa zogwira kutchire ndiye ine sindivomereza n'komwe kuzitsekera. Zimadziguguda pa waya mpaka kusupuka mutu popanda wozimenya. Oweta akalulu nawo akudziwa lamulo lofanana ndi la chipinda lija, kungoti kwa iwo mwini malo wolusa ndi wamkazi: amatenga wamkazi kupita naye kwa wamwamuna, osati wamwamuna kwa wamkazi.

Chomaliza, yaimuna imene siikusintha

Ilipo yaimuna ina imene mungaichitire zonsezi koma osaphula kanthu. Yesani kaye kuichotsa iyoyo, osati yaikazi. Ambiri timachotsa wovulala n'kusiya wolusayo akulamulira khola, ndiye wovulalayo pobwerera amakhala mlendo, n'kumenyedwanso. Itsekereni yolusayo kwayokha, kosaona zinzake, masiku 7 mpaka 10, uku yaikazi ikuzolowera chipinda. Pobwerera imakhala itatsika mtima, ndipo muibweze kudzera pa waya monga poyamba paja. Yesaninso kuipatsa yaikazi yaikulu msinkhu, imene inalerapo ana, yodziwa kubwezera phiko. Zazimuna zambiri za chaka choyamba zimafatsa zikangolera ana kamodzi.

Kuimenya, kuimanga miyendo, kuizula nthenga za m'mapiko kapena kuidula mlomo, zonsezi musachite. Mlomo wa nkhunda uli ndi mitsempha, ndipo ndi womwewo umene imadyetsera ana. Mbalame siidziwa kuti mukuilanga chifukwa cha zimene inachita m'mawa.

Koma ikasenda mutu zazikazi ziwiri zosiyana, m'khola lotakasuka, mutazidziwitsa bwino, ine ndimaichotsa pa gulu la zobereketsa ndipo ana ake aamuna sindiwasunga ngati mbewu. Mukaigulitsa, muuzeni wogulayo khalidwe lake, asakaitsekere ndi yaikazi yake usiku n'kudzuka ndi zimene ndinadzuka nazo ine.

Yotuwa yanga ija sinafike pamenepo. Yoyerayo inakhala m'katoni kuchipinda kwanga masabata atatu, kenako masiku asanu ndi limodzi kuseri kwa waya. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinasolola chotchinga nditagwira mtima m'manja, ndipo yoyerayo inayenda yokha kukalowa pansi pa khosi la mwamunayo pamene anagona akuitana. Zinalera ana zaka zinayi m'chipinda cha pamwamba kudzanja lamanja. Pankhongo pake sipanamerenso nthenga, ndipo ndinkaizindikira ndi kadazi kameneko ngakhale ili padenga pakati pa zinzake makumi awiri.